Za Mowa wa m'Mabotolo

Mudziwa inu nomwe kuti mowa ukaphikidwa suleka kuwira msanga. Kale ku England anausunga m'migolo ya matabwa. Koma akauthira m'botolo usanathe kuwira, mpweya wace unasowa poturukira, nukhala m'mowamo, nucita thobvu potsegula. Thomas Fuller, m'buku lace la 1662, asimba kuti Alexander Nowell, mkuru wa kacisi wa St Paul's ku London, anaiwala botolo m'udzu powedza nsomba; atalipeza patapita masiku, polutsegula linalira ngati mfuti. Nkhani yokoma, ngakhale inunkha nthano. Bvuto leni leni linali citsekero, pakuti mpweya unkacikankhira kunja, nuswanso mabotolo ofooka. M'caka ca 1892 William Painter wa ku Baltimore analembetsa ku boma kacitsekero kace kacitsulo ka mano mano, komwe kagwira pakamwa pa botolo kufikira lero.