Mmene tinkasamukira mu Lusaka

Adzukulu anga, inu mumasankha pokhala poyang'ana m'thumba. Ife tinapeza nyumba ili ya ntchito. Atsamunda atachotsa likulu ku Livingstone n'kulibweretsa kuno mu 1935, mzindawu anaumangira azungu, ndipo munthu wakuda ankayenda ndi chitupa ngati mlendo wongodzagwira ntchito. Ku Kabwata anatimangira tinyumba tozungulira tofolera udzu, tokhalamo amuna okhaokha. Ntchito ikatha, nyumbanso yatha, unyamule mphasa yako. Tinyumba 43 timene tinapulumuka pomanga mafulati ndi tija mumagulako ziboliboli pa Burma Road. Lamulo la 1948 ndi limene linabweretsa nyumba za apabanja, Chilenje ndi Matero n'kukula. A Kaunda nawonso anakhalapo m'nyumba nambala 394 ku Chilenje, kuyambira 1960 mpaka 1962.

Ufulu utabwera mu 1964, chitupa chinatha ndipo anthu anayamba kusamuka mwakufuna kwawo. Koma musaganize kuti tinkapita kutali. Wa ku Kabwata ankasunthira ku Kamwala, ku Libala, akatalikitsa ndiye ku Chilenje. Bedi ndi mbaula pa wilibala, mapoto pamutu pa amayi, ana akuthamanga pambuyo, dzuwa lisanafike paliwombo mwalowa kale. Mbiri ya chipinda chopanda munthu inkayenda pakamwa, kutchalitchi, pamsika kapena potunga madzi, ndiye inkangofika pamene miyendo ya wokuuzayo imafika. Komanso ndani akanasiya mayi wa pamsika amene ankamukongoza kapenta pakati pa mwezi? Nanga maliro akakugwera kumene sakukudziwa, adzagone panja ndani? Ife ochokera ku Chipata, ku Katete ndi ku Nyasaland tinkatsatana chomwecho, mlongo kuitana mlongo wake.

Kumayadi inali nkhani ina. Kuchoka ku Chilenje kupita ku Woodlands ndi ulendo wapansi, thukuta lisanatuluke wafika. Koma kusamukirako kunali kutali kuposa kwathu kumudzi. Poyamba chotchinga chinali khungu, pambuyo pake chinakhala ndalama ndi udindo. Azungu atachoka ku Woodlands ndi ku Kabulonga, munalowa nduna ndi mabwana a makampani a boma, aja tinkawatchula kuti apamwamba. Wamba ngati ife ankalowako monga khukhi kapena wosamala maluwa, n'kumagona m'kanyumba ka kuseri. Akachotsedwa m'kanyumbako sankabwerera ku Kabwata, ankafuna malo ku Kalingalinga, ku Mtendere kapena ku Bauleni, kuti azilawirira wapansi kukagogoda pa mageti omwewo. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene makomboni amenewa anakulira m'mphepete mwa mayadi.

Chelstone ndiye tinkati n'kutchire. Unkatsata Great East Road, kupitirira yunivesite, ngati ukupita kubwalo la ndege. Nyumba zake zinali zabwino ndithu, koma wogwira ntchito ku Cairo Road ankadzuka kusanache kukaima pamzere wa basi ya UBZ, ndipo ikadzaza ankangoiyang'ana ikudutsa. Ena ankakana nyumba ya kumeneko n'kupitiriza kupanikizana ndi achibale ku Kamwala, poti ndalama ya basi inkadya ya ndiwo.

Mu 1996 a Chiluba analamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo. Amene mwayiwo unawapeza ku Kabwata, ku Libala kapena ku Chelstone komweko anakhazikika osasunthanso, ambiri n'kumanga zipinda kuseri. Zipinda zimenezo ndi zimene inu mukulipira lendi mwezi ndi mwezi.