Aqua pa msewu wa ku Goliati

Ku Japan galimoto ya hybrid anaipanga poganizira utsi wa m'mizinda ndi kutentha kwa dziko. Kwathu ku Thyolo, m'dera la mfumu yaikulu Chimaliro, munthu akamagula Toyota Aqua sakhala akuganiza za utsi ayi. Amakhala akuganiza za mzere wa pamalo omwetsera mafuta. Ndikufuna ndionetse kuti galimoto iyi, imene ena akuiona ngati fasho ya masiku ano, yalowa m'nkhani yakale kwambiri ya boma lino: kufuna kuyenda ndi mphamvu imene sitiipanga tokha, pa makina amene nzeru zake zimatsalira kumene anachokera.

Tiyi atayamba kulimidwa mwamalonda ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, kenako n'kufika ku Thyolo, injini yoyamba ya maesiteti inali msana wa munthu. Katundu ankayenda pamutu pa amtengatenga, bwana ankayenda pamachila, ndipo ambiri mwa onyamulawo anali Alhomwe ochokera ku Mozambique amene ankalipira malo okhala ndi thangata. Njanji ya kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, kudzera pa Luchenza. Mlatho wa pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935, tiyi ankatha kuyenda panjanji mpaka ku doko la Beira. Njira imene tiyi ankatulukira ndi yomweyo imene mafuta ankalowera. Choncho kuyambira kale, lole ya pa esiteti inkadalira zochitika m'dziko la eni.

Zimenezi zinaonekera poyera mitengo ya mafuta itakwera padziko lonse mu 1973 ndi mu 1979, ndiponso nkhondo ya ku Mozambique itadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala m'zaka za m'ma 1980. Yankho la nthawi imeneyo linali lathulathu. Mu 1982 fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo Malawi anayamba kusakaniza ethanol ndi petulo mayiko ambiri asanaganize n'komwe. PressCane ya ku Chikwawa inadzaonjezera mu 2004. Mwanjira ina, tinayamba kalekale kuyendera mphamvu ziwiri m'thanki imodzi, kungoti sitinkadzitama nazo.

Ndiye panabwera 2011. Apa dera la Chimaliro likulowa m'nkhani mwachindunji, chifukwa mtsogoleri wa dziko nthawi imeneyo, Bingu wa Mutharika, anali mwana wa kuno, wa ku Goliati. Fodya sanagulidwe bwino, kazembe wa Britain Fergus Cochrane-Dyet anathamangitsidwa mu April chaka chomwecho, mayiko otithandiza anagwira thumba, ndalama zakunja zinasowa, ndipo anthu anayamba kugona m'magalimoto podikira petulo. Pa 20 July panali zionetsero zimene anthu anafapo. Bingu anamwalira pa 5 April 2012 mizere ikanalipo, ndipo anaikidwa pa munda wake wa Ndata. Ambiri a ife tinali ana, timangokumbukira zigubu. Koma taonani izi: mu December 2011, pamene Amalawi ankagona pamizere, kampani ya Toyota inatulutsa Aqua ku Japan. Magalimoto a zaka zimenezo ndi amene akutipeza lero, ataona kale dziko.

Amatipeza chifukwa cha lamulo la kwawo. Ku Japan galimoto yatsopano imakaunikidwa ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kuunikako n'kodula. Ambiri amangoigulitsa. Popeza iwo ndi ife tonse timayendetsa kumanzere kwa msewu, galimotoyo imakwera sitima yapamadzi mpaka ku Dar es Salaam, n'kulowera pa Songwe. Maganizo ophatikiza injini ndi magetsi si atsopano, Ferdinand Porsche anawayesa kale cha m'ma 1900, koma galimoto yoyamba yamtunduwu yopangidwa mochuluka inali Prius ya mu 1997. Ife tinadzaifuna pamene kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, mizere ya mafuta n'kubwereranso ngati mlendo wodziwa pakhomo.

Ena amafunsa kuti bwanji osangolumphira ku galimoto ya magetsi okhaokha. Amene akufunsa choncho akumbukire January 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira n'kutichotsera pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Hybrid wamba safuna soketi. Batire lake limatchajidwa ndi injini komanso ndi mabuleki. M'dziko limene petulo amasowa ndipo magetsi amathima, galimoto yoima pakati pa mavuto awiriwa ili ndi nzeru zake.

Tsono nayi mbali imene ndikuona kuti ndi yolemera. Makina onse amene anabwera ku Thyolo anakhalitsa pokhapokha anthu a kuno atawaphunzira. Lole ya Bedford, Land Rover ndi Peugeot zinatha zaka zambirimbiri m'misewu yamatope chifukwa panali amakaniko ophunzirira pa ntchito, amene ankadziwa matenda a injini pongomvetsera kulira kwake. Khutu linali chida. Batire likafooka, anyamata ankakankha pamtsetse galimoto n'kulira. Hybrid yathetsa zonsezi. Ukadina batani siilira, imangoyatsa mawu akuti READY. Kukankha siilola, chifukwa ilibe sitata yamtundu umene tinauzolowera. Injini imadzutsidwa ndi mota yoyendera batire lalikulu. Ngakhale kuikoka ndi chingwe matayala akutsogolo ali pansi kukhoza kuononga za mkati, chifukwa matayalawo akamazungulira amazungulitsanso mota. Ndipo ikadwala imadandaula m'Chijapani, pagalasi la kutsogolo kwa dalaivala. Mwini wake amangoona zilembo zimene sangathe kuwerenga, n'kupitiriza ulendo.

Kayendetsedwe kake nakonso kamafuna kuiwala zina zimene madalaivala athu anaphunzira pa magalimoto akale. Chizolowezi choika giya pa N potsetsereka, kuti akuti tipulumutse mafuta, pa hybrid n'kudzibera wekha: ili pa N, batire lalikulu silitchajidwa. Pamitsetse yaifupi ya m'minda ya tiyi, kuponda buleki pang'onopang'ono kumasandutsa mota kukhala chopangira magetsi, ndipo mphamvu imene ikanangotentha mabuleki imabwerera m'batire. Koma pamtsetse wautali, ngati wotsikira ku chigwa cha Shire, batire limadzaza msanga, ntchito yonse n'kugwera mabuleki wamba. Apo ndi pamene pamafunika giya ya B, imene imalola injini kugwira galimoto. Pachitunda nkhani ndi ina. Injini ya Aqua ndi ya malita 1.5, ndipo ukaisenzetsa anthu asanu ndi matumba a chimanga imamwa ngati inzake iliyonse. Kumene imapulumutsa kwenikweni ndi pa chipwirikiti cha mu Limbe, poima n'kuyenda, poima n'kuyenda.

Pamzere wa mafuta imaoneka ngati mfumu, chifukwa imasendera kutsogolo ndi magetsi injini itazima. Koma pali msampha umene eni ake oigulitsa ku Japan sangauganizire, poti kwawo thanki siiuma. Petulo akatha, galimoto imatha kuyendabe pang'ono ndi batire lokha, ndipo munthu amakopeka kuti aikakamize mpaka pa Luchenza kapena pa Bvumbwe. Batire lalikululo likatheratu, ngakhale mutathira petulo injini singadzuke, chifukwa choidzutsa ndi chomwecho mwachimalizacho. Apo mawaya ojampira sathandiza.

Kuimika galimoto, nkhani imene timaiona ngati yopanda mutu, pano ili ndi zake. Popeza ilibe phokoso, n'kosavuta kutsika n'kuisiya ikanali pa READY. Pakapita kanthawi injini imadziyatsa yokha, ndipo ngati ili m'galaja yotseka yogundizana ndi chipinda chogona, utsiwo ukhoza kupha. Pamalo otsetsereka, amene ku Thyolo ndiwo ambiri, giya ya P payokha siikwanira, buleki ya pamanja ndi yofunika. Mthunzi wa mtengo si wongosangalatsa okwera. Kutentha ndi mdani wamkulu wa batire, ndipo galimoto yokhalira padzuwa la mwezi wa October imakalambitsa batire lake msanga. Pafupi ndi nkhokwe pali makoswe, ndipo khoswe sasankha waya. Chovuta china chimabwera ndi kusowa kwa mafuta komweko: galimoto ikakhala milungu osayenda, batire laling'ono la mavoti 12, limene limadzutsa makompyuta ake, limafooka, ndipo popanda ilo batire lalikulu silingalumikizidwe ngakhale litadzaza. Mankhwala ake ndi kuiyatsa pa READY pabwalo pafupifupi ola limodzi pa sabata. Ndiye kuti ngakhale galimoto yoimikidwa imafuna kapetulo kake.

Ndionjezepo chimodzi chimene si cha mwini galimoto koma cha oyenda pansi. M'mawa wa chiperoni, othyola tiyi ndi ana a sukulu amayenda m'mphepete mwa msewu atatchera khutu, chifukwa nkhungu siilola maso. Kwa zaka zoposa 100 phokoso la injini lakhala chenjezo lawo. Galimoto yoyenda pang'onopang'ono ndi magetsi imangotulukira ngati njoka. Hutala, imene m'tauni ndi mwano, kuno ndi ulemu.

Pa kasamalidwe, chinthu chimene chimapha mabatire ambiri ndi chotchipa kuchikonza. Batire lalikulu limaziziritsidwa ndi fani imene imakoka mpweya wa m'kati mwa galimoto kudzera pa kabowo ka pafupi ndi mpando wakumbuyo. Ku Japan mpweyawo ndi woyera. Pa msewu wafumbi wa kumudzi, mawindo ali otsegula, fumbi lofiira limamatirira pa faniyo, ndipo chitenje kapena jumbo ya tomato imatha kutseka kabowoko ulendo wonse. Batire limatentha, mphamvu yake imachepa, injini imayamba kulira nthawi zonse, ndipo mwini wake amayamba kunena kuti anamunamiza. Kupukuta faniyo ndi ntchito yosafuna ndalama zakunja. Oyilo nayenso ndi nkhani: injini izi zinapangidwira oyilo wopepuka wa 0W-20, pomwe amakaniko ambiri anakulira pa oyilo wolemera ndipo amamukhulupirira. Pali madzi oziziritsa amitundu iwiri, a injini ndi a inverter, ndipo achiwiriwa amaiwalika. Mabuleki amakhalitsa chifukwa mota ndi imene imagwira ntchito yambiri, koma kukhalitsa komweko kumachititsa kuti asatsegulidwe mpaka timapini take titachita dzimbiri ndi matope. Ndipo Aqua ndi yaifupi, batire lake lili pansi pa mpando wakumbuyo. Amene anaona madzi a namondwe wa Freddy mu March 2023 sangayese kuwolotsa galimoto yotere pa mtsinje wosefukira.

Batire lenilenilo ndi timabokosi tolumikizana: 20 mu Aqua, topereka mavoti 144, ndi 28 mu Prius, topereka mavoti opitirira pang'ono 200. Mawaya ake ndi a mtundu wa lalanje, ndipo mtunduwo ndi chenjezo, chifukwa magetsi amenewo akhoza kupha munthu. Kabokosi kamodzi kakafa, amisiri ena amakachotsa n'kuikapo kena kochokera m'galimoto yangozi. Sindikuwanyoza, ndi luso lomwelo limene linasunga Peugeot zaka 30. Koma katsopano pakati pa tokalamba sikagwirizana nato kwa nthawi yaitali, ndipo pakapita miyezi kena kamafa. Kuti ntchitoyo ikhale yoona pamafunika makina oyezera, magolovesi oteteza ku magetsi, ndi munthu wodziwa kuwerenga manambala amene makinawo akuonetsa. Zimenezi n'zosavuta kuzipeza ku Blantyre kusiyana ndi pa Goliati.

Apa ndi pamene ndimadabwa. Pa Ndata pomwepo, pa malo amene Bingu anapereka, pali Malawi University of Science and Technology, imene inatsegulidwa mu 2014 ndipo imaphunzitsa uinjiniya. TEVETA yakhalapo kuyambira 1999. Ine ndimaphunzira za mbiri ndi chikhalidwe, sipanala sindiidziwa, koma ndikuona kuti pali ntchito imene ili pakati pa anzathu a uinjiniya ndi ife: kumasulira machenjezo a Chijapani aja m'Chichewa ndi m'Chilhomwe, kuwasindikiza patsamba limodzi, n'kulipachika m'galaja iliyonse ya pa Luchenza, pa Bvumbwe ndi pa Thyolo boma. Maphunziro a masabata ochepa a amakaniko amene alipo kale angachite zambiri kuposa kudikira m'badwo watsopano wa madigiri.

Nthawi yake ndi yochepa. Ma Aqua ambiri amene tikugula anapangidwa m'zaka zoyandikana, ndiye kuti mabatire awo adzafookanso m'zaka zoyandikana. Batire latsopano limagulidwa ndi madola, madola omwewo amene kusowa kwake kunatikankhira ku galimotoyi. Batire lakale la galimoto wamba lili ndi ogula, amayenda m'makwalala kufunafuna mtovu wake. La hybrid ndi la nickel ndi mankhwala oyabwa pakhungu, ndipo likatayidwa kuseri kwa galaja, mvula ya ku Thyolo idzalikokolola kulowera kumitsinje imene anthu a kumunsi amatungako madzi akumwa.