Sitima Zomira ndi Alendo Ake

Maseŵera oloŵa pansi pa madzi utabereka botolo la mpweya sanayambe kale. Chipangizo chothandiza munthu kupuma ali pansi pa madzi anachikonza Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan m'chaka cha 1943, ndipo nkhondo itatha anthu wamba anayamba kuchigula. Ku nyanja zazikulu za pakati pa Canada ndi United States, chimene chinakopa ambiri mwa iwo ndi sitima zomira.

Madzi a nyanjazo ngozizira ndiponso ngopanda mchere, motero mulibe tizilombo tofumbwa matabwa tija ta m'nyanja zamchere. Chombo cha matabwa chotchedwa Sweepstakes, chimene chinamira padoko la Tobermory mu 1885, chikali chigonere pamalo akuya mamita 6 okha, ndipo alendo amachiona bwino lomwe. Palibe amene angadandaule nazo zimenezi. Koma kuzizira kumene kumasunga matabwa kumasunganso mitembo. Sitima ya Kamloops inasoŵa pa nyanja ya Superior mu 1927. Pamene osambira anaipeza mu 1977, m'chipinda cha injini munali mtembo wa mmodzi wa antchito ake, wosaola.

Nkhaniyi inakula ndi sitima ya Edmund Fitzgerald, imene inamira pa nyanja yomweyo pa 10 November 1975 ndi amuna onse 29 amene anali m'menemo. Igona pa mamita 160. Mu 1994 anthu ena anatsikirako ndi kasitima koyenda pansi pa madzi, najambula mtembo umene anaupeza pambali pake. Abale a omwalirawo zinaŵapweteka kwambiri. Pa 4 July 1995, iwo atavomereza, belu la sitimayo linavuulidwa, ndipo m'malo mwake anaikamo lina lolembedwa maina 29 aja. Kunena mosabisa, anaika mwala wa pamanda. Komabe patangopita miyezi iŵiri, osambira aŵiri anatsika ndi mabotolo ao nakakhudza sitimayo.

Sitifuna kuŵanyoza osambiraŵa. Ambiri a iwo ndiwo anapeza sitima zimene mabanja anazifunafuna zaka zambiri, ndipo mbiri ya nyanjazo ikadakhala yopereŵera popanda khama lao. Koma tikuganiza kuti amene ankati chitsulo chomira chilibe mwini analakwitsa funso. Funso silinali la mwini wa chitsulo ayi, linali la ogonamo. Eklezia amaŵerenga kuika maliro pakati pa ntchito zachifundo, monga ankachitira Tobiti, chifukwa thupi lija likuyembekeza kuuka. Kodi ulemu umenewu umatha chifukwa chakuti adzukulu ake anali mafunde, ndipo wansembe sanathirepo madzi odalitsa? Ife amene tinakulira kumene munthu saloŵa kumanda osapempha kwa mfumu, sitivutika kumvetsa madandaulo a mabanja aja. Nafenso tili nawo manda otere: sitima ya Vipya inamira pa nyanja yathu pa 30 July 1946 ndi anthu 145.

Malamulo anabwera mochedwa, ndipo anabwera chifukwa abale sanatope kudandaula. Mu 1997 boma la Michigan linaletsa kujambula mitembo ya m'sitima zomira ndi kuionetsa poyera popanda chilolezo cha abale. Mu 2006 boma la Ontario, limene m'madzi ake mugona Edmund Fitzgerald, linalamula kuti wina aliyense asatsike pafupi nayo, m'kati mwa mamita 500, wopanda chilolezo.