Compressor: kachipangizo kolinganiza mawu a gitala

Compressor ndi kabokosi kachitsulo kamene woimba gitala yamagetsi amakaika pansi n'kumakayatsa ndi phazi. Kamatsitsa mawu a nsambo zoimbidwa mwamphamvu ndi kukweza mawu amene akuzilala, motero nsambo zonse zimamveka mofanana ndipo liwu limakhalitsa.

Mwa tizipangizo totere, kotchuka kwambiri ndi Dyna Comp, kopangidwa ndi kampani ya MXR yomwe idayamba mumzinda wa Rochester ku America mu 1972. Kamayendera batire ya mavoti 9 ndipo kali ndi mabatani awiri opotokola: Sensitivity amasankha mlingo wa kufinya mawu, pomwe Output amabwezeretsa kukwera kwa mawu kumene kwatayika. Oimba nyimbo za country ku Nashville amakakonda chifukwa kamamveketsa bwino nsambo iliyonse.

Vuto lake n'lakuti kamakwezanso phokoso la magetsi. N'chifukwa chake oimba ambiri amakalumikiza pafupi ndi gitala, mawu asanafike ku overdrive. Sensitivity akapyola muyeso, kuimba mofatsa ndi kuimba mwaukali kumamveka chimodzimodzi, ndipo nyimbo imataya moyo.