Kusaka luso

Mawu akuti kusaka anachokera ku uzimba. Mlenje sadikira kuti nyama imupeze pakhomo, amanyamuka ndi agalu n'kulowa m'tchire. N'chifukwa chake timatinso kusaka ganyu kapena kusaka ndalama: pali kuyenda, pali thukuta.

Tikamanena za masewera, kusaka luso ndiko kupita kumene kuli ana aluso n'kuwaona akusewera. Kumasiyana ndi kusankha. Mwana wa ku Nsaru akalemba mayeso a Sitandade 8, amasankhidwa kupita kusekondale ndi anthu amene sanamuonepo nkhope, amangoona malikisi ake. Wosaka luso amafuna kuona yekha msinkhu wa mwanayo, liwiro lake, mmene amagwirira mpira.

Ku America, makoleji a zaka ziwiri, ambiri mwa iwo ali m'bungwe la NJCAA lomwe linayamba mu 1938, amasaka chonchi osewera basketball. Aphunzitsi amayenda m'masukulu, amaonera mavidiyo, amafunsanso za m'kalasi. Jimmy Butler anayambira pa koleji yotere, Tyler Junior College ku Texas, kenaka anapita ku yunivesite ya Marquette, ndipo mu 2011 timu ya Chicago Bulls inamutenga.

Kwathu kuno mawu akuti kusaka luso amatchulidwa kwambiri, koma ambiri osaka amathera m'tauni. Ku Kabudula, ku Nambuma ndi ku Mpingu kuli anyamata ndi atsikana ataliatali, amphamvu, omwe amangodziwa mpira wamiyendo ndi wa ntchemberembaye. Akuluakulu a BASMAL, bungwe loyendetsa basketball m'dziko muno, fikaniko ndi mipira m'masukulu a m'madera amenewa, mukawaone anawa.