Agalu a ku Zomba ndi Misozi Yawo

Kale ku Zomba kuno munthu sankafunsa za nkhope ya galu. Ankafunsa za mphuno ndi miyendo: kodi amanunkhiza, kodi ali ndi liwiro, kodi nguluwe ikatembenuka amaima kapena amafunya mchira? Amang'anja a m'mbali mwa Likangala ndi m'dambo la Chilwa, Ayao a Malemia ndi Kuntumanji amene anafika cha m'ma 1860, ngakhalenso Alomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique pambuyo pake, onse ankadziwa galu mmodzi yemweyo: wofiirira, wa ubweya waufupi, wa mphuno yaitali, nthiti zochita kuwerengeka. Ntchito yake inali uzimba. Udzu ukauma, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, amuna ankatentha tchire n'kutuluka ndi zibonga, mikondo ndi maukonde, agalu ali patsogolo kuvumbulutsa akalulu, agwape ndi ntchenzi. Malipiro a galu anali matumbo ndi mafupa, masiku ena mkute ndi mitu ya matemba. Ankagona paphulusa kapena kunsi kwa nkhokwe. M'mabanja achisilamu, amene ndi ambiri mbali ya Domasi ndi Malosa, galu ankatha kusaka ndi kulondera, koma pakhomo la nyumba ndiye panali malire ake.

Analinso ndi ntchito ina yomwe ana a masiku ano sakuidziwa. Mayi amene wayambana ndi mnzake ankatcha galu wake dzina monga Mumandinena kapena Tilekeni, ndipo madzulo pomuitana kudzadya, mawu ankafika kumene ankalowera popanda wina kupita naye kwa mfumu.

Maso a galu ameneyo sankadontha misozi chisawawa. Akayamba kutuluka manthongo achikasu, mphuno n'kumata, mwini wake ankadziwa kuti mwalowa matenda aja opulula tiana ta agalu, amene a vetenale amawatcha distemper. Kupatula pamenepo, panalibe chopukuta.

Zinthu zinasintha ndi kubwera kwa boma la atsamunda. Mu 1886 John Buchanan anamanga nyumba ija imene pambuyo pake inadzakhala Hotel Masongola, ndipo mu 1891 Harry Johnston anasankha Zomba kukhala likulu. Akuluakulu a boma anamanga nyumba zawo m'chitunda cha phiri moyandikana ndi Mulunguzi, akuluakulu a asilikali a King's African Rifles ali kukampu kwawo, madzulo onse n'kumakumana ku Gymkhana Club. Anabwera ndi agalu awo, ena aang'ono aukali, ena a makutu olendewera, kenaka ma Ridgeback a ku Southern Rhodesia, mtundu umene malamulo a maonekedwe ake analembedwa ku Bulawayo mu 1922. Agalu amenewa ankagona m'nyumba, ndipo anabala ntchito imene makolo athu sankaidziwa: kusamalira galu molipidwa.

Agogo anga aamuna anaigwira ntchitoyo m'zaka za m'ma 1950. Anawalemba ngati khukhi m'nyumba ya mzungu wina wa ku maofesi a boma, koma galu wa dona, wa makutu aatali ndi maso onyowa nthawi zonse, analinso m'manja mwawo. Ankatifotokozera kuti madzulo aliwonse ankamugoneka pa thumba lachiguduli n'kumufufuza m'makutu, m'khwapa ndi pakati pa zala, nkhupakupa iliyonse n'kuiponya m'kachitini ka palafini. Maso ankawapukuta ndi thonje loviika m'madzi owiritsa amene azizira, otsinirako kamchere pang'ono, diso lililonse thonje lakelake. Banjalo likakwera kukapuma ku nyumba za pamwamba pa phiri, galu ankamutsekera dzuwa lisanalowe, chifukwa kambuku amakonda nyama ya galu kuposa mmene anthu amaganizira. Pofotokoza zimenezi agogo sankaseka. Ankaphikira galu nyama ndi mpunga, ana awo kuseri akudyera nsima nkhwani wotendera. Mkwiyo umenewo ndimaumvetsa, ndipo ndi umene unachititsa anthu ambiri a m'badwo wawo kuona kusamalira galu ngati chipongwe chachizungu. Komabe luso limene anaphunzira linali loona, ndipo mpaka lero sindinaone dokotala wa ziweto amene anatsutsa kapukutidwe kawo ka maso.

Kwa ife a m'makomboni, boma linkamukumbukira galu pa nkhani imodzi yokha, ya chiwewe. Chikabuka, ankalengeza kuti agalu onse amangiriridwe, ndipo wopezeka akuyendayenda ankawomberedwa. Amene anakulira ku Chinamwali, Sadzi kapena Chikanda akukumbukira ana akulira atamva mfuti m'mawa. Njira yabwinopo inadza mochedwa: a Mission Rabies anayamba katemera wa agalu ambirimbiri ku Blantyre mu 2015, ndipo chaka chotsatira anafika kuno ku Zomba, cholinga chili chobaya agalu osachepera 70 pa 100 aliwonse kuti matendawa asowe podumphira.

Chancellor College itasamukira kuno mu 1973, likulu n'kupita ku Lilongwe mu 1975, m'nyumba za m'chitunda zija munalowa aphunzitsi a pakoleji ndi ogwira ntchito m'boma akuda. Umbava utakula m'zaka za m'ma 1990, mipanda ya njerwa inakwera ndipo m'kati mwake munalowa ma German Shepherd, ma Rottweiler ndi ma Boerboel. Kenaka kunabwera tiagalu toyera ta ubweya wambiri, togulitsa m'mbali mwa misewu ya Blantyre ndi Lilongwe. Pa itito ndi pamene Amalawi ambiri anayamba kuona mizere yofiirira yotsika m'munsi mwa maso.

Tsopano kwafika French Bulldog. Sali ambiri, koma alipo, obwera ndi abale a ku Joni kapena otsatsidwa pa Facebook ndi WhatsApp pa mtengo woti munthu n'kugulira njinga yamoto. Makolo a galu ameneyu anali tima bulldog tating'ono timene amisiri oluka nsalu a ku Nottingham anapita nato kumpoto kwa France cha pakati pa zaka za m'ma 1800. Anatchuka ku Paris, ndipo mu 2022 anakhala galu wolembetsedwa kwambiri ku American Kennel Club, malo amene Labrador anawagwira zaka 31. Oweta anamufupikitsa mphuno mbadwo ndi mbadwo mpaka nkhope inaphwatalala, ndipo gwero la misozi yake lili pomwepo.

Pa galu aliyense misozi imatsuka diso, n'kulowa m'timabowo tiwiri ta pangodya ya diso ya kumphuno, n'kutsika m'kanjira kopita m'mphuno. Galu wa uzimba kanjira kake n'kowongoka. Ka French Bulldog n'kopindika, nthawi zina kothina kapena kotsekeka. Maso ake ndi otong'oka moti zikope sizitseka bwino, chikope cha m'munsi chimatha kupindikira m'kati, ndipo ubweya wa pa khwinya la mphuno umakhudza diso n'kumakoka misozi kutulukira kunja. M'misozimo muli zinthu zotchedwa porphyrin, zotsalira thupi likamaphwanya maselo ofiira a magazi. Zili ndi ayironi, n'chifukwa chake zikauma pa ubweya n'kuombedwa ndi dzuwa zimasiya mtundu wonga dzimbiri la pa malata pamene madzi amadonthera. Galu wakuda nayenso ali nazo, kungoti sizioneka. Khwinya likakhala lonyowa tsiku lonse, tizilombo ta yisiti totchedwa Malassezia timaswana, mzere uja umada, pamanunkha, khungu n'kusupuka.

Nyengo ya kwathu kuno imaonjezera. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chikakuta phiri, makwinya sauma, ndipo galu amakhala pafupi ndi mbaula, utsi ukumulowa m'maso. Mu Sepitembala ndi Okutobala kuli fumbi la m'misewu ya ku Matawale ndi phulusa la moto wolusa m'nkhalango za paini. Miyezi yomweyo kutentha kwa m'tauni n'koopsa kwa galu wopanda mphuno yopumira bwino. Kuyenda naye masana n'kumuika pa imfa.

Kutsuka maso a galu wotere sikusiyana ndi kwa agogo. M'mawa ndi madzulo, thonje loviika m'madzi owiritsa ozizira kapena madzi amchere a ku famase, kupukuta kuchokera pangodya ya diso kutsika, osabwerera, kenaka kutsegula khwinya ndi chala n'kupukutamo. Chimene ambiri amaiwala ndi kuumitsa ndi kansalu kofewa, chikhalirecho ndiye theka la ntchito. Mbale yodyera ndi yomwera zizitsukidwa tsiku lililonse. Ubweya umene wafiira kale suyera ndi kupukuta. Umadikira kuthothoka kuti wina umere, ndipo zimatenga masabata angapo. Jiki, sopo wochapira, mandimu, hydrogen peroxide ndi mafuta oyeretsa khungu zisayandikire diso. Palinso maufa othira m'chakudya, oti amachotsa mizere ija, amene ena amabwera nawo kuchokera kunja. Ena mwa iwo anapezeka ndi tylosin, mankhwala opha mabakiteriya, ndipo mu 2014 bungwe la FDA ku America linachenjeza makampani owagulitsa popanda chilolezo. Kumwetsa galu mankhwala otere miyezi yathunthu chifukwa cha maonekedwe ndi kuphunzitsa tizilombo kupirira mankhwala amene tidzawafune mawa. Koma galu akamatsinzina diso limodzi, akamalikanda, diso likachita mtambo, manthongo akakhala achikasu kapena obiriwira, kapena pangodya pakatuluka kanyama kofiira, thonje lisiyeni, thamangani naye kwa dokotala wa ziweto. Iye amadonthezera mankhwala a mtundu otchedwa fluorescein amene amaonetsa chilonda cha pa diso ndiponso ngati kanjira ka kumphuno kali kotseguka. Chilonda chotere pa galu wa maso otong'oka chimatha kuboola diso m'masiku ochepa.

Chaka chatha ndinacheza kunyumba ina ku Kalimbuka, ndipo ndinapeza mayi wa pakhomopo akukalipira mnyamata wantchito kuti galu wawo woyera wada kumaso chifukwa cha ulesi wake. Ankati amudula malipiro. Mnyamatayo anali akupukuta galuyo tsiku ndi tsiku, ndipo poopa mayiwo anali atayamba kumukwecha ndi sopo mpaka khungu kufiira. Ndinawauza kuti, "Mayi, mwanayu musamulakwire, galu wanuyu anabadwa ndi kanjira kopindika, ngakhale mutalemba anyamata khumi mzerewu sutheratu." Ndinawapempha kuti ayambe apita naye kwa dokotala akaone zikope, afunsenso za katemera wa chiwewe ndi wa distemper, chifukwa khadi limene anawapatsa wogulitsa linalibe chidindo ngakhale chimodzi. Mnyamatayo ndinamuonetsa katsegulidwe ka khwinya ndi kaumitsidwe kake, ndipo mayiwo anatuma mwana kukagula thonje kumsika.