Nzeru Yochokera Kumwamba: Umboni wa Mfumu Albert Luthuli wa ku Natal

Pamene Sinodi ikukumbukira zaka zake, nkoyenera kupenyanso mboni za Khristu za m'maiko oyandikana nafe, makamaka kumene abale athu ambiri a ku Malaŵi anapita kukagwira ntchito. M'chigawo cha Durban munakhala mmodzi wa mboni zotere, Mfumu Albert John Luthuli, mlaliki ndi mkulu wa mpingo wa Congregational.

Luthuli anabadwa cha m'ma 1898 pafupi ndi Bulawayo, koma anakulira ku Groutville, mudzi wa mishoni kumpoto kwa Durban. Anaphunzira, kenaka naphunzitsa zaka zoposa khumi, pa Adams College ku Amanzimtoti, sukulu imene amishoni a American Board anaiyamba mu 1853. Kumeneko anali ndi malipiro okhazikika ndi ulemu. Akuluakulu a ku Groutville atampempha kuti akhale mfumu yawo, iye anazengereza zaka ziŵiri. Potsiriza anavomera, nayamba ufumuwo mu 1936, akudziŵa kuti akusiya mtendere wa m'kalasi ndi kukasenza milandu ya minda ndi umphaŵi wa alimi a nzimbe. Kumeneku kunali kudzipereka kwake koyamba. Mu 1938 anali mmodzi wa nthumwi za ku msonkhano wa mamishoni a dziko lonse ku Tambaram, ku India.

Mayeso aakulu anadza mu 1952. Panthaŵiyo Luthuli anali mtsogoleri wa African National Congress m'Natal, ndipo anthu anali kuswa dala malamulo a tsankho mopanda chiwawa. Boma linamuitanira ku Pretoria ndi kumuuza kuti asankhe chimodzi, ufumu kapena chipani. Nzeru ya dziko ikadamlangiza kugwiritsa mpando, popeza m'menemo ndimo munali chakudya cha ana ake. Iye anakana kutula pansi chilichonse mwa ziŵirizi, poti ufumu anampatsa ndi anthu, ndipo kutsutsa chosalungama kunali mangaŵa ake kwa Mulungu. Mu November chaka chomwecho boma linamchotsa.

M'mawu amene analengeza atachotsedwa, anavomereza kuti sanali kudziŵa chimene chidzamgwera, kaya ndende, kaya kupirikitsidwa, kaya imfa. Anati tsogolo lake ndi la banja lake walisiya m'manja mwa Wamphamvuyonse, ndi kuti njira ya ku ufulu idzera pa Mtanda. Apa ndipo pagona phunziro. Kudzipereka kwa Mulungu kumene Luthuli anaonetsa sikunali kupinda manja ndi kunena kuti zonse ndi zolembedwa. Anayamba wachita chimene chikumbumtima chake chinamlamula, zotsatira zake nkuzitula kwa Mwini. Yakobo Mtumwi, m'mutu wachitatu wa kalata yake, asiyanitsa nzeru ya pansi pano, yodzala ndi kaduka ndi kudzikonda, ndi nzeru yakumwamba, imene imadziŵika ndi chiyero, mtendere ndi kusakondera. Luthuli anakana tsankho, koma sanaphunzitse anthu ake kudana ndi Azungu.

Mtanda umene anautchulawo unamtsatadi. Mu December 1952 anasankhidwa kutsogolera chipani chonse, ndipo boma linamletsa kuyenda ndi kulankhula pagulu kangapo. Mu 1956 anamangidwa pa mlandu woukira boma, koma pambuyo pake anamasulidwa. Anthu 69 ataphedwa ku Sharpeville mu March 1960, iye anatentha chiphaso chake poyera. Mphoto ya Mtendere ya Nobel ya 1960 anakailandira ku Oslo mu December 1961, nabwerera ku Groutville komweko, kumene anali womangika. Anamwalira pa 21 July 1967. Boma la nthaŵiyo linati anagundidwa ndi sitima, koma mu 2025 khoti lalikulu la ku Pietermaritzburg linagamula kuti anachita kuphedwa. Ufulu wa 1994 sanauone.

Abusa ndi akulu ampingo nawonso amafika pa mphambano yotere, pamene mpando ndi choonadi zimasiyana njira. Mbiri ya Luthuli isonyeza kuti mtumiki amene anapereka kale moyo wake kwa Mulungu saopsezedwa ndi kulandidwa udindo. Ambuye wa Mpingo apatse Sinodi ino atumiki a mtima wotero.